Mpeni Kapena Mankhwala: Funso Latsopano pa Thupi la Mayi

Munthu woyenda pa msewu wochokera m'tauni ya Lilongwe kupita ku Likuni, kudutsa pa Chinsapo, sangalephere kuona timapepala tomatidwa pa mapolo a magetsi ndi pa zipupa za magolosale, tolengeza za asing'anga amene akuti amakonza chilichonse chimene chavuta m'banja. Timapepala timeneti n'takale ndithu, ndipo anthu anatizolowera kotero kuti ambiri amangodutsa osatiwerenga. Chachilendo ndi malonda amene alowa m'mafoni. Mtsikana amene wangolemba mayeso a Fomu 4, atakhala pakhonde ku Kawale kapena ku Area 25, angathe kuona pa Facebook ndi pa TikTok zipatala za ku Johannesburg, London ndi Istanbul zikuitanira amayi kuti akakonzetse maonekedwe a ziwalo zawo zobisika. Amalondawo amafunsa funso limodzi lokha, lakuti mayi asankhe pakati pa njira ya opaleshoni ndi njira yopanda mpeni. Funso lakuti kaya pali chofunika kukonza salifunsa konse.

Nkhani imeneyi ndi ya kumaso, ndipo makolo sankaikamba pabwalo. Inali ya m'tsimba, pakati pa namwali ndi anamkungwi ake. Komatu popeza amalonda aitulutsa m'tsimbamo n'kuiika m'manja mwa mwana aliyense wokhala ndi foni, kukhala chete kwa akulu kwasanduka mwayi wa wogulitsa. Aphunzitsi, amene atsikana amathamangirako pamene achita manyazi ndi amayi awo, ayenera kudziwa zoona zake za nkhaniyi, pakuti wosadziwa amayankha ndi ukali kapena ndi nthabwala, ndipo zonse ziwirizi zimambwezera mwanayo kwa wamalonda uja.

Zimene madokotala amachita

Opaleshoni imeneyi dzina lake ndi labiaplasty. Dokotala amadula ndi kuchepetsa milomo yaing'ono ya m'kati ya chiwalo cha amayi. Njira zodziwika ndi ziwiri. Ina ndi yodula m'mphepete monse, monga mmene telala amachepetsera mpendero wa nsalu. Ina ndi yochotsa kachidutswa ka makona atatu pakati n'kusoka mbali zotsalazo, njira imene dokotala wa ku America, Gary Alter, anaifotokoza mu 1998. Ntchito yake siitenga nthawi yaitali, ndipo kawirikawiri mayi amatuluka m'chipatala tsiku lomwelo. Koma bala limafuna masabata pafupifupi 6 kuti lipole bwino, ndipo nthawi yonseyi mayiyo saloledwa kugwira ntchito zolemetsa kapena kukhala malo amodzi ndi mwamuna wake. Izi n'zapafupi kuzinena kwa mayi wa ku London wokhala ndi madzi m'nyumba. Kwa mayi wa ku Mgona amene amasenza ndowa kuchokera pa kiyosiki m'mawa uliwonse, masabata 6 ndi nthawi yosapezeka.

Zoopsa zake madokotala oona mtima sazibisa: kutaya magazi, bala kulowa tizilombo, ulusi kumasuka bala lisanapole, chipsera cholimba, dzanzi, kapenanso ululu umene umakhalapo zaka zambiri. Choposa zonse n'chakuti mnofu umene wadulidwa subwereranso. Madzi akatayika saoleka. Dokotala akadula mopitirira muyeso, kukonzanso kwake n'kovuta kuposa opaleshoni yoyamba ija, ndipo mtengo wake, umene ku Britain umafika mapaundi masauzande angapo, umalipidwa kachiwiri.

Mantha a mpeni ndiwo amapatsa malonda njira yachiwiri ija. Pa njira imeneyi amagwiritsa ntchito makina a laser, kapena makina ena otenthetsa mnofu ndi mphamvu ya magetsi kuti khungu likungike, kapenanso jekeseni wa mankhwala ofufumitsa milomo ikuluikulu ya kunja kuti ibise ya m'kati. Dzina lakuti labiaplasty yopanda mpeni ndi la amalonda chabe, chifukwa palibe makina kapena mafuta amene angachotse mnofu umene opaleshoni imachotsa. Kusintha kumene kumaoneka n'kochepa ndiponso kosakhalitsa, motero mayi amabwererako n'kulipiranso. Ndipo kupanda mpeni sikutanthauza kupanda ngozi. Pa 30 July 2018 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America, linachenjeza poyera kuti makina otenthetsawa sanavomerezedwe pa ntchito yotereyi, ndi kuti angathe kuotcha mayi, kumsiyira zipsera ndi ululu wosatha. Mkulu wa bungwelo pa nthawiyo, Scott Gottlieb, anadzudzula makampani ogulitsa makinawa kaamba konyenga amayi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Nawonso madokotala a za amayi sanakhale chete. Bungwe lawo la ku America, la ACOG, linanena mu 2007, n'kubwerezanso mu 2020, kuti palibe umboni wokwanira wosonyeza kuti maopaleshoni okongoletsa ziwalo zobisika ndi abwino kapena opanda ngozi. Ku Britain, bungwe la RCOG linalangiza mu 2013 kuti asachitidwe pa mtsikana wosakwana zaka 18, chifukwa thupi lake limakhala likukulabe. Langizoli linali ndi chifukwa chake: mu 2017 wailesi ya BBC inaulula kuti m'chaka cha 2015 mpaka 2016 atsikana oposa 200 osakwana zaka 18 anachitidwa opaleshoniyi m'zipatala za boma za dzikolo.

Muyeso wake ndi uti?

Amalonda onse, a mpeni ndi opanda mpeni omwe, amaima pa maziko amodzi, akuti pali maonekedwe oyenera amene mayi aliyense ayenera kukhala nawo. Maziko amenewa anagwetsedwa kale. Mu 2005 madokotala a ku London, motsogozedwa ndi Jillian Lloyd ndi Sarah Creighton, anayeza amayi 50 amene sanabwere kudzadandaula za maonekedwe a ziwalo zawo zobisika. Anapeza kuti milomo ya m'kati ija inali yotambalala kuyambira mamilimita 7 mpaka mamilimita 50, ndiye kuti wina anaposa mnzake kasanu ndi kawiri, koma onse anali abwinobwino. Mu 2018 madokotala a ku Lucerne, m'dziko la Switzerland, anayeza amayi 657 ndipo anapezanso kusiyana kwakukulu kotereku, kotero kuti sanathe kuloza muyeso umodzi n'kunena kuti uwu ndiye woyenera. Ngakhale pa munthu mmodzi, mbali ya kumanja ndi ya kumanzere nthawi zambiri sizifanana, monganso mapazi a munthu safanana kwenikweni.

Nanga kusakhutira kumachokera kuti? Akatswiri ambiri amaloza zithunzi zolaula za pa intaneti, zimene zimaonetsa mtundu umodzi wokha wa thupi, ndipo kawirikawiri ndi thupi lokonzedwa kale ndi dokotala kapena ndi kompyuta. Mayi sakhala ndi mwayi woona mmene amayi anzake alili, motero chithunzi chabodza chija chimasanduka sikelo yodziyezera.

Kumene Malawi asiyana ndi maiko a azungu

Apa ndipo nkhaniyi imafika pakhomo, pakuti m'dziko muno muli mwambo wakale umene cholinga chake n'chosemphana kotheratu ndi cha labiaplasty. Mwambowu ndi wa kukoka, umene ena amautcha kukuna. Pamene mayi wa ku Ulaya akulipira kuti afupikitse, mwambo wa kuno umaphunzitsa kutalikitsa, ndipo umatero popanda mpeni. Uli pakati pa Achewa ndi mitundu ina ya m'Malawi, uli kum'mawa kwa Zambia, ku Zimbabwe, ku Uganda ndi ku Rwanda. Ku Tete, m'dziko la Mozambique, akatswiri a za chikhalidwe Brigitte Bagnol ndi Esmeralda Mariano anaufufuza n'kulemba zimene anapeza mu 2008, ndipo amayi ambiri amene analankhula nawo anaunena monga chinthu chonyaditsa ndi chizindikiro cha umayi wathunthu. Bungwe la Malawi Human Rights Commission, m'kafukufuku wake wa miyambo wa mu 2005, linautchula pakati pa miyambo yokhudza amayi ndi ana imene ikuchitika m'maboma a dziko lino.

Kuweruza mwambo umenewu si kwapafupi, ndipo ngakhale bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lavutika nawo. Mu 1997 linauika m'gulu lachinayi la machitidwe ovulaza ziwalo za amayi. Mu 2008 linachotsa dzina lake pa tanthauzo la gululo, ngakhale kuti linanenabe kuti ungathe kuwerengedwa momwemo kaamba kakuti ana amauchita mokakamizidwa ndi chikhalidwe. Chaka chomwecho ofufuza awiri, Marian Koster ndi Lisa Price, atafunsa amayi a ku Rwanda, analemba kuti mwambowu uyenera kutchedwa kusintha thupi, osati kulivulaza, popeza palibe chodulidwa ndipo eni ake sadziona ngati olumala. Mtsutso umenewu sunathe.

Taganizirani tsono za mayi wa zaka 24 wokulira ku Chinsapo, amene anavinidwa kumudzi kwa agogo ake, n'kuphunzira sukulu m'tauni, ndipo lero ali pa ganyu ku Johannesburg kapena akuphunzira unamwino ku Britain. Ali mwana anauzidwa kuti wosakoka ndi wopereweza, kuti mwamuna adzambweza kwa makolo ake ndipo anzake adzamseka ku dambo. Atakula, foni ikumuuza kuti wotalika ndi wopunduka, ndipo dokotala angamkonze. Thupi ndi lomwelo. Chimene chasintha ndi pakamwa pa womuuza. Ndipo munthu akamvetsera bwino, mawu a anamkungwi ndi mawu a wamalonda akuchokera pa muzu umodzi: onse akumuopseza ndi manyazi, onse akumuuza kuti mmene analengedwera sizikwanira kusunga mwamuna, ndipo palibe amene wamfunsa ngati akumva kuwawa pena pake. Kusiyana kwake n'kwakuti anamkungwi ankakhulupiriradi zimene ankanena ndipo malipiro awo anali nkhuku, pamene wamalonda amadziwa bwino za mamilimita 7 ndi 50 aja koma amasankha kusawatchula.

Amene amateteza mwambowu ali ndi mfundo imodzi yolimba, yakuti azungu amayeza ndi miyeso iwiri. Lamulo la ku Britain la mu 2003 limaletsa kudula mbali iliyonse ya ziwalo zimenezi, ndipo limanena kuti mwambo si chifukwa chovomerezeka. Koma limaloleza dokotala kudula ngati aona kuti n'kofunika pa umoyo wa thupi kapena wa maganizo a mayiyo. Zotsatira zake n'zakuti mpeni womwewo pa malo omwewo umakhala mlandu ukagwiridwa m'dzina la chikhalidwe cha ku Africa, koma umakhala malonda ovomerezeka ukagwiridwa m'dzina la kukongola. Madokotala ena a ku Britain komweko adandaulapo za kukondera kumeneku. Mfundoyi ndi yoona, koma siyeretsa mwambo wa kuno. Imangodetsa malonda a uko.

Pamene mwambo wa kukoka umagwa mlandu ndi pa msinkhu wa ouchita. Amene amauzidwa ndi ana osatha msinkhu, ouzidwa ndi agogo, azakhali kapena anzawo okulirapo, ndipo mwana wotere sangathe kukana kapena kumvetsa chimene akumkonzekeretsa. Amayi ena amene anadutsamo amasimba za ululu, zotupa ndi zilonda zobwera ndi zitsamba zopakapo. Choipa china, chosaoneka ndi maso, n'chakuti mwana wa pulaimale amaphunzitsidwa kudziona ngati mkazi wa munthu nthawi yake isanakwane, m'dziko limene kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Malamulo alipo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limaletsa kuchititsa mwana mwambo uliwonse woononga umoyo kapena kakulidwe kake. Lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 limaletsa miyambo yovulaza. Ndipo mu February 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Mayi wamkulu ali ndi ufulu pa thupi lake, kaya asankha za makolo kaya za dokotala. Mwana ayenera kusiyidwa kuti akule, adzasankhe yekha.

Za m'misika ndi za m'mafoni

Amayi a m'Biwi kapena a ku Area 23 amene angakwanitse ulendo wa ku Johannesburg ndi owerengeka. Njira yopanda mpeni imene ambiri amakumana nayo ndi ya timabotolo ndi timapaketi: ufa wa mizu, miyala yosungunula, sopo, timibulu tozika ndi zofukiza, zogulitsidwa mobisa m'misika, m'masaluni ndi m'magulu a WhatsApp, zolonjeza kuumitsa ndi kuthinitsa. Pa zonse zimene zatchulidwa m'nkhani ino, izi ndizo zili ndi ngozi yaikulu kwa Amalawi, chifukwa n'zotsika mtengo ndipo zili paliponse. Njira ya amayi ili ndi chinyezi chake ndi tizilombo take tabwino timene timaiteteza ku matenda. Mankhwala oumitsa amapha tizilomboti ndipo amasiya timing'alu tosaoneka pa khungu lofewa la m'kati, timene timakhala khomo la matenda. Mu 2011 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Nicola Low linasonkhanitsa zotsatira za amayi oposa 14,000 a m'maiko a kuno ku Africa, ndipo linapeza kuti amene ankaika nsalu, mapepala, sopo kapena mankhwala oumitsa m'kati anali pa chiopsezo chokulirapo chotenga kachilombo ka HIV.

Bungwe la boma loyang'anira mankhwala la PMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019 m'malo mwa bungwe lakale la Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndilo lili ndi udindo wolembetsa mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno. Koma botolo lopanda dzina loperekedwa pansi pa thebulo silidutsa pa ofesi iliyonse, ndipo mayi amene lamuotcha sakadandaula kwa aliyense, chifukwa manyazi amene anamgulitsa mankhwalawo ndi omwewo amene amamtseka pakamwa.

Kunena zoona, alipo amayi amene milomo ya m'kati imawasautsadi: imanyuka poyenda, imapweteka pokwera njinga ya kabaza, kapena inang'ambika pobereka n'kupola mokhota. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo dandaulo la mayi wotere si lachibwana. Koma dokotala wabwino amayamba wayeza, chifukwa kuyabwa ndi kutupa kumene mayi amati n'kwa maonekedwe nthawi zambiri kumakhala mauka, chotupa cha kachiwalo kotulutsa chinyezi, matenda opatsirana, kapena likodzo, limene kwa amayi okhala m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo limafika mpaka ku ziwalo zoberekera ndipo mankhwala ake ndi mapiritsi a praziquantel. Kwa ena kusintha zovala zothina ndi kuleka sopo wonunkhira kumathetsa vuto. Ngati zonsezi zalephera ndipo opaleshoni yatsala yokha, mayi ali ndi ufulu wofunsa kuti: "Adokotala, kodi munalembetsa ku Medical Council of Malawi? Opaleshoni imeneyi mwaichita kangati? Nanga bala likavuta ndidzabwerera kwa yani?" Safunsa anadya phula. Dokotala amene akwiya ndi mafunso oterewa wayankha kale.

Aphunzitsi a Biology ndi a Life Skills, kaya ndi pa Likuni Girls kaya pa sukulu yoyendera ya ku Chinsapo, ali ndi gawo laling'ono koma lamphamvu. Chojambula cha m'buku chimaonetsa thupi limodzi lokha, ndipo mwana amaganiza kuti wosiyana nacho ndi wolakwika. Chiganizo chimodzi chonenedwa mwaulemu, chakuti matupi a amayi amasiyana monga mmene nkhope zimasiyanirana, chingathe kumchotsera mtsikana nkhawa imene akanaisenza zaka khumi. Anyamata nawonso ayenera kuchimva, pakuti ambiri mwa mawu amene amathamangitsira amayi ku timabotolo tija amachokera pakamwa pa amuna.

Kumene funsoli lili ndi tanthauzo

Pali malo ena mu Lilongwe momwemo kumene funso la mpeni kapena popanda mpeni limafunsidwa moona, ndipo yankho lake limasintha moyo wa munthu. Malowa ali pa chipatala cha Bwaila, chimene akuluakulu amachidziwa ndi dzina lakale lakuti Bottom, kufupi ndi msika waukulu ndi depoti ya mabasi. Pamenepo pali chigawo chothandiza amayi odwala fistula, choyendetsedwa ndi bungwe la Freedom from Fistula Foundation, limene mayi wamalonda wa ku Scotland, Ann Gloag, analiyambitsa mu 2008. Chithandizo chake n'chaulere.

Fistula ndi bowo limene limabooka pakati pa njira yoberekera ndi chikhodzodzo, kapena pakati pa njirayo ndi thumbo la chimbudzi. Kawirikawiri limadza pamene matenda a uchembere atenga masiku awiri kapena atatu mwana osatuluka. Mutu wa mwana umapanikiza mnofu wofewa pa fupa la m'chiuno, magazi amaleka kufikako, mnofuwo umafa, ndipo patapita masiku angapo umayoyoka n'kusiya bowo. Nthawi zambiri mwanayo amabadwa wakufa. Mayi amabwerera kumudzi wopanda mwana kumbuyo, mkodzo ukudontha usana ndi usiku, ndipo fungo lake limamchotsa pa tchalitchi, pa chigayo, pa maliro, ndipo kwa ambiri limamchotsanso pa banja. Ena amati walodzedwa, ena amati anayenda njira ali ndi pakati, zonsezi n'zabodza. Atsikana aang'ono, amene chiuno chawo sichinakhwime, ndiwo ali pa ngozi yaikulu, pamodzi ndi amayi okhala kutali ndi chipatala chochita opaleshoni. Mabowo ena amadza mwangozi pa opaleshoni yotulutsa mwana kapena yochotsa chiberekero.

Pa nthenda imeneyi njira yopanda mpeni ilipodi, ndipo si ya amalonda. Dokotala wa ku Netherlands, Kees Waaldijk, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Katsina kumpoto kwa Nigeria, anasonyeza kuti bowo laling'ono ndi latsopano lingathe kutsekeka lokha ngati mayi aikidwa kapaipi kotulutsira mkodzo mwamsanga, kwa masabata 4 mpaka 6, akumwa madzi ambiri. Kapaipiko kamachititsa kuti chikhodzodzo chikhale chopanda kanthu, motero m'mphepete mwa bala mumakhudzana n'kulumikizana. Koma mwayi umenewu uli m'masabata oyamba okha. Bowo likakhalitsa limauma m'mphepete n'kuchita chipsera, ndipo pamenepo palibe chitsamba, pemphero la pa wailesi kapena kapaipi kamene kangalitseke. Lifunika singano ndi ulusi m'manja mwa katswiri. Madokotala a fistula amagwirizana kuti opaleshoni yoyamba ndiyo ili ndi mwayi waukulu wopambana, ndipo iliyonse yobwereza imavuta kuposa inzake, n'chifukwa chake siyenera kuyesedwa ndi wophunzira chabe. Luso limeneli linakulira ku Addis Ababa, kumene Catherine Hamlin ndi mwamuna wake Reginald anatsegula chipatala cha fistula mu 1974. Mayiyu anatumikira kumeneko kufikira imfa yake mu 2020, ali ndi zaka 96. Kuyambira mu 2013, tsiku la 23 May limakumbukiridwa pa dziko lonse monga tsiku lolimbana ndi nthendayi.

Pali mavuto enanso a uchembere amene amayi amangowapirira poganiza kuti ndi mmene umayi umakhalira. Mayi amene anang'ambika kwambiri pobereka mpaka kulephera kugwira mpweya kapena chimbudzi angathe kusokedwanso. Amene chiberekero chake chatsika angathe kuyamba ndi njira zopanda mpeni: kulimbitsa minofu ya m'chiuno mwa kuikunga ndi kuimasula kangapo pa tsiku, monga anaphunzitsira dokotala Arnold Kegel mu 1948, kapena kuikidwa kamphete kofewa kochirikiza chiberekero, ndipo opaleshoni imadza pokhapokha izi zikakanika. Khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse, imapezeka isanakule mwa kupaka viniga pa khomolo, ndipo malo okayikitsawo amatenthedwa ndi kachipangizo kwa mphindi zochepa, popanda kudula. Katemera wake anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Ndalama imene mayi amataya pa botolo lothinitsa ingamfikitse kumene amayeza zimenezi n'kumbwezanso kunyumba.

Chopinga chachikulu pa fistula si kusowa kwa dokotala kokha, koma kusadziwa kuti nthendayi imachizika. Alipo amayi amene afika pa Bwaila atadontha zaka khumi kapena makumi awiri. N'chifukwa chake ena mwa ochira amabwerera m'midzi mwawo monga akazembe, kufunafuna anzawo obisala kuseri kwa nyumba ndi kuwalondolera njira. Wochira amalangizidwa kupuma miyezi ingapo asanakhale malo amodzi ndi mwamuna, ndi kuti akadzaimanso akachirire ku chipatala mwa opaleshoni, kuopa kuti bowo lingabookenso. Mayi wa ku Likuni amene waona mkodzo ukutuluka wokha patapita masiku ochepa chibadwire mwana ayenera kukaonekera kwa anamwino a pa chipatala cha mishoni kapena cha boma sabata yomweyo, nthawi ya kapaipi ija isanadutse. Kuchokera pa Likuni kukafika pa Bwaila ndi ulendo wa minibasi imodzi.